Nkhani ya mng'ono wanga ija: pomwe tafika

Mwezi wathawu ndinafunsa chochita ndi mng'ono wanga wa zaka 22 yemwe anasiya mankhwala a matenda ovutika maganizo atangomwa masabata awiri, ati sakumuthandiza. Ambiri munati ndisiye kumukalipira. Munanena zoona, ngakhale zinandiwawa kumva.

Ndinamuperekeza kwa dokotala. Kumeneko tinamva kuti mankhwala ngati fluoxetine amatenga masabata 4 mpaka 6 munthu asanaone kusintha, pomwe nseru, mutu ndi kusowa tulo zimabwera masiku oyambirira omwewo. Ndiye mwana uja ankangoona zowawa zokhazokha, ubwino wake usanafike. Tikanadziwa kale zimenezi! Dokotala anatichenjezanso kuti kwa achinyamata osakwana zaka 25, maganizo ofuna kudzipha amatha kukula m'masabata oyamba, choncho tizimuyang'anira, ndipo tikaona zachilendo tithamangire kuchipatala. Akadzayamba kupeza bwino apitirizebe kumwa kwa miyezi yosachepera 6, ndipo posiya azidzachepetsa pang'onopang'ono motsogoleredwa ndi dokotala.

Anayambiranso kumwa, lero ndi tsiku la 24. Sindinganene kuti wachira ayi. Masiku ena amangotandala m'chipinda osayankhula ndi munthu. Koma dzulo anasamba osauzidwa, n'kundipempha kuti tikawongole miyendo. Funso loti "wamwa mankhwala?" ndinalisiya chifukwa linkamupsetsa mtima, pano ndimangoti "wagona bwanji?" ndipo zambiri amanena yekha.

Kwa mlangizi wa za maganizo akukanabe kupita, ati sangaululire mlendo za mumtima mwake. Sindikumukakamiza. Lachisanu tikaonananso ndi dokotala, nkhani imeneyi ndikaitchula komweko.