Kodi chinyumba chozungulira tingachitche mdadada?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimaonetsa amalume chithunzi cha Apple Park, likulu la kampani ya Apple ku Cupertino, ku America, lomwe linatsegulidwa mu 2017, n'kunena kuti taonani mdadadawu. Anandidula pakamwa, amvekere chinthu chozungulira ngati mphete sichingakhale mdadada. Nanga tichitche chiyani? Nsanjika zake ndi zinayi zokha, koma kuchizungulira ndi mtunda wa pafupifupi kilomita ndi theka.

Mdzukulu: Agogo anga akaona anthu atandandalikana kudikira kanthu ankati ali mdadada. Za nyumba sankanena n'komwe.

Mmisiri wopuma: Amalume anuwo akhoza. Mdadada umakhala ndi koyambira ndi kothera. Onani nyumba ya Karl-Marx-Hof ku Vienna, m'dziko la Austria, yomwe inatsegulidwa mu 1930: m'litali ndi yoposa kilomita imodzi, ndipo itangomangidwa munali nyumba zogona zoposa 1,300. Umenewo ndiye mdadada weniweni.

Mayi wa atatu: Bambo, nanga mzere ukakhota wasiya kukhala mzere? Pentagon, likulu la asilikali a America ku Arlington, ndi mizere isanu yopindidwa, wina m'kati mwa unzake. Inatha mu 1943, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili m'kati, ndipo anaimanga kwambiri ndi konkire pofuna kusunga zitsulo. Makonde ake onse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 28. Gogo wanga akanangoti chinyumba chatambalala ichi, monga ankatikalipirira tikatambalala pakhomo alendo akubwera.

Mmisiri wopuma: Chatambalala, eya, sindikukana. Koma kutambalala kwina, mdadada kwina. Muime kumapeto kuno muone kumapeto uko. Pa Pentagon mukaima pati?

Mdzukulu: Chondiwawa ine n'chakuti ana a masiku ano sakangana n'komwe za izi. Chilichonse kwa iwo ndi buloko, kaya chachitali kaya chachifupi. Mwana wa mchemwali wanga anandifunsa ngati mdadada ndi dzina la mbalame.

Mayi wa atatu: Angaudziwe bwanji ife makolo tikuwalankhula Chingerezi kuyambira ali kumsana?

Mmisiri wopuma: N'chifukwa chake ndikulimbikira, mayi. Tikalola kuti chachikulu chilichonse chikhale mdadada, mawuwo atha mphamvu. Koyambira ndi kothera, basi.

Wofunsa: Ndamva, bambo. Koma chozungulira chija mpaka pano simunandipatse dzina lake, ndipo amalume akudikira yankho.