Khadi ikuwerengeka koma kulemba kukukanika tikatseka bokosi

Wamawaya: Abale anga, ndakakamira. Ndikupanga module yowerenga ndi kulemba makhadi a MIFARE Classic 1K (makhadi ongoyandikiza ku reader, opanda waya), chipu ndi MFRC522, yolumikizidwa ku microcontroller ya STM32 kudzera pa mawaya a SPI. Ili patebulo imalemba bwinobwino. Ndikangoiika m'bokosi lake la aluminiyamu, UID (nambala yozindikiritsa khadi) ikubwera, authentication ikudutsa, koma kulemba kukufera panjira. Khadi ikungokhala chete, ACK (yankho lovomera) osabwera.

Mai Firmware: Mukulemba block (kagawo ka memory ya khadi) iti, achimwene? Block 0 ndi ya fakitale, silembeka. Onaninso ma access bits (zilolezo zowerenga ndi kulemba) mu sector trailer, block yosunga makiyi.

Wamawaya: Block 4, ndi Key B (imodzi mwa makiyi achinsinsi a khadi). Khadi yomweyo, code yomweyo, kunja kwa bokosi ikulemba.

Mkulu wa RF (za mafunde a wailesi): Ndiye code isiyeni, vuto ndi antenna. Chitsulo chikayandikira koyilo ya antenna chimadya mbali ya mphamvu ya maginito n'kutsitsa inductance, resonance n'kukwera kuchoka pa 13.56 MHz, frequency imene khadi imagwirira ntchito. Kumbukirani kuti khadiyi ilibe batire, ikudya kuchokera kwa inu. Kuyankha UID ndi ntchito yopepuka, koma kulemba mu EEPROM (memory ya khadi) kumafuna mphamvu yochuluka, ndiye voteji ikagwa khadi imazima isanamalize. Matani ferrite (chotchinga maginito kuti asafike kuchitsulo) pakati pa koyilo ndi chitsulo, kenako muyeze ndi VNA (chipangizo choyezera antenna) bokosi lili lotseka, batire ndi zomangira zonse zili m'malo mwake. Ferrite imakwezanso inductance, choncho ma capacitor omwe munawerengera patebulo aja sagwiranso. Ambiri amathamangira kukweza RxGain mpaka 48 dB. Sizithandiza, chifukwa zimangotsegula makutu a reader koma khadi ikadali ndi njala. Q (kuthwa kwa resonance ya antenna) nayonso musaikweze mopitirira pofuna mtunda, chifukwa pa 106 kbit/s timipata ta modulation timayamba kusokonekera.

Mai Firmware: Akulu anena zoona. Ndionjezere pang'ono: mukatumiza 0xA0 (lamulo lolemba) khadi imavomera, mukatumiza ma byte 16 imayenera kuvomeranso ndi 0xA. Timer ya gawo lachiwirili ikhale yotalikirapo, ndipo mukalemba muwerengenso block yomweyo. Munthu akachotsa khadi msanga, zinthu zimatsala theka. Komanso ngati mukusungamo ndalama kapena zotsegulira zitseko, dziwani kuti Crypto1, njira yotetezera makhadi a Classic amenewa, anaithyola kale mu 2008. Ganizirani makhadi a DESFire okhala ndi chitetezo cha AES, ntchito isanafike kwa kasitomala.

Wamawaya: Akulu, ndayeza. M'bokosi resonance inali kufupi ndi 15 MHz! Ndamata ferrite, ndasintha ma capacitor, ndadulanso mkuwa wa ground umene unali pansi penipeni pa koyilo, womwe ndinauika ndekha osaganiza. Makhadi 20 onse alemba bokosi lili lotseka. Za DESFire ndazimva mayi, ndikambirana ndi kasitomala mawa.

Mkulu wa RF: Musanatumize PCB (bolodi) yatsopano, yezaninso current ya TVDD (pini yopereka mphamvu ku transmitter ya chipu) khadi itagona pa antenna penipeni. Pamenepo ndi pomwe chipu imatentha.