Gulu la Banja: Dongosolo la Masiku Awiri ku Tbilisi, Likulu la Dziko la Georgia

Malume: Moni nonse. Matikiti atheka, tilipo anthu 9 kuphatikizapo agogo. Mwambo wa Chisomo womaliza maphunziro ukatha titsala ndi masiku awiri. Chisomo, tiyalire dongosolo, koma ukumbukire mawondo a agogo.

Chisomo: Zikomo amalume. Mzinda wakale uli m'mbali mwa phiri, misewu yake ndi ya miyala, ndiye tisakwere wapansi. Tsiku loyamba tiyambire ku Rike Park, tikwere kangolo koyenda pachingwe kowoloka mtsinje wa Mtkvari mpaka pamwamba, pafupi ndi linga la Narikala. Pomwepo pali chifanizo cha Kartlis Deda, chotalika mamita 20, dzanja lina mbale ya vinyo yolandirira alendo, lina lupanga. Achinyamata atsike pamasitepe. Agogo abwerere pachingwe pomwepo, masitepewo ndi otsetsereka kwambiri.

Azakhali: Nanga kalipiridwe, mwanangu?

Chisomo: Ndalama ndi lari. Pa siteshoni ya metro, sitima yapansi panthaka, timagula khadi ya Metromoney pa 2 lari n'kuikamo ndalama. Ulendo wa basi kapena metro ndi 1 lari, ndipo mukasintha basi pasanathe mphindi 90 simulipiranso. Khadiyi imagwiranso pachingwe paja, ngakhale mtengo wake ndi wina. Koma sitima yokwera phiri la Mtatsminda ili ndi khadi yakeyake, musadabwe iyi ikakanidwa.

Alamu: Pabwalo la ndege musamvere madalaivala okuitanani pakhomo, amakweza mtengo akaona mlendo. Ikani Bolt, pulogalamu yoitanira takisi, pafoni musananyamuke. Opanda katundu wambiri akwere basi 337.

Achemwali: Langa ndi funso la chakudya. Pakhomo pathu sitidya nkhumba, komanso kamwana aka mtedza umakatupitsa.

Chisomo: Mwachita bwino kunena msanga, achemwali. Khinkali, timatumba ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama ndi msuzi m'kati, kawirikawiri amasakaniza ng'ombe ndi nkhumba. Inu muitanitse ta bowa, ta mbatatesi kapena ta tchizi. Nkhani ya mwana ndiye yofunika tcheru, chifukwa amasinjira mtedza wa walnut m'zakudya zambiri ndipo saoneka: masamba osinja a pkhali, mabiringano a badrijani, nkhuku ya satsivi, ngakhale saladi ya tomato nthawi zina. Churchkhela yolendewera m'misika ija ndi mtedza woviika m'phala la madzi a mphesa, asalawe. Ndikulemberani kapepala m'chilankhulo chawo koonetsa operekera zakudya.

Alamu: Kadyedwe ka khinkali nako ndi nkhani. Osabaya ndi foloko, msuzi wonse umathera m'mbale. Dikirani kazizireko, gwirani kamfundo kapamwamba, tembenuzani, lumani pang'ono m'mbali, yamwani msuzi, kenako idyani. Kamfundoko kamasiyidwa, sikapsa bwino. Malo ambiri sagulitsa tosakwana 5 ta mtundu umodzi, ndipo 5 kapena 6 n'tokwana munthu wamkulu. Khachapuri, buledi wa tchizi, ya mtundu wa Adjaruli yokhala ndi dzira ndi batala pakati pa tchizi, muisakanize ikadali yotentha, ikazizira imalimba. Imodzi anthu awiri.

Azakhali: Amayi zimenezi sangakhute nazo. Mukuwadziwa.

Chisomo: Agogo tiwafunire ghomi, azakhali. Ndi nsima ndithu, ya chimanga, chakudya cha ku Samegrelo, kungoti amaikamo tchizi cha sulguni pakati. Tingapemphe chisaikidwe. Ndiwo ikhale lobio, nyemba zophika mu kamphika kadothi. Ghomi sapezeka paliponse, ndifufuza malo ophika za ku Samegrelo ndi kusungitsa tebulo.

Malume: Wina wa kumeneko akatiitana ku supra, phwando lawo, pamakhala tamada, wotsogolera mawu. Vinyo osamwa iye akulankhula, dikirani amalize, onse anene gaumarjos, mawu awo pokweza makapu. Osamwa mowa angokweza kapu ya Lagidze, chakumwa chawo chozizira. Anyamata, chacha ndi kachasu wamphamvu wa mphesa, samalani. China chofunika koposa: mankhwala okhala ndi codeine, monga co-codamol, ndi oletsedwa kulowa nawo popanda zikalata za dokotala. Azakhali, onani chikwama cha agogo.

Azakhali: Ndiona usiku uno. Za mabafa a madzi otentha zija zili pati?

Chisomo: Madzulo a tsiku loyamba, ku Abanotubani, dera la mabafawo. Tibwereke zipinda ziwiri, amayi kwawo, abambo kwawo, amalipiritsa pa ola ndipo pamafunika kusungitsiratu. Madziwo amatuluka pansi ali otentha, fungo la salifa ndi lamphamvu. Vulani ndolo ndi mphete zasiliva, zimada. Agogo ndi BP yawo asakhalitse m'madzi, azituluka n'kumwa madzi ozizira. Wokuchapani ndi kisa, kansalu kokhulira thupi, amalipidwa padera.

Achemwali: Tsiku lachiwiri tipite ku Mtskheta, likulu lakale, makilomita pafupifupi 20. Kuli tchalitchi cha Svetitskhoveli, ndi tchalitchi cha Jvari pamwamba pa phiri pomwe mumaona mitsinje ya Aragvi ndi Mtkvari ikukumana. Maminibasi amanyamukira pa siteshoni ya Didube, koma safika ku Jvari, ndiye tibwereke galimoto imodzi yotikwana. Amayi mipango kumutu ndi siketi yaitali, chitenje chikwanira. Abambo osavala kabudula.

Malume: Zamveka. Chisomo asungitse mabafa ndi tebulo, alamu afufuze galimoto, achemwali asonkhetse ndalama. Aliyense atumize gawo lake pofika Lachisanu.

Azakhali: Chisomo, ufunsenso ngati nyumba yogonayo ili ndi chikepe. Ngati ilibe, chipinda cha amayi chikhale chapansi.