Abwana akundidyera ndalama za ovataimu kuno ku New York, ndiyambire pati?

Abale ndi alongo amene muli ku America, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo kudzera ku kampani ina kuno ku New York. Sabata zambiri ndimapitirira maola 40, koma pa pepala la malipiro amangolemba 40 yomweyo. Ndikafunsa, akuti "tikonza mwezi wamawa". Mwezi wamawawo sufika, chikhalirecho kumudzi akudikira fizi ya ana.

Zomwe ndapeza n'zakuti lamulo la dziko lonse, Fair Labor Standards Act, limati ola lililonse loposa 40 pa sabata lilipidwe kamodzi ndi theka, ndipo umadandaula pasanathe zaka 2, kapena 3 ngati abwana anachita dala. Lamulo la New York ndiye lokomera wantchito: limapereka zaka 6, ndipo Wage Theft Prevention Act, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2011, imakakamiza abwana kupereka pepala losonyeza maola ndi malipiro nthawi iliyonse akamalipira.

Tsono funso langa: ndipite ku Department of Labor ya New York (ofesi ya boma yoona za ntchito), kapena ndipeze loya? Umboni wanga ndi kakope komwe ndimalembamo nthawi yolowa ndi yoweruka, komanso mauthenga a pa WhatsApp ondiuza kuti nditsalire usiku. Kodi zimenezi amazilandira?

Chikundiopsa kwambiri n'kuchotsedwa ntchito. Lamulo limaletsa kubwezera wodandaula, inde, koma akhoza kungosiya kundipatsa mashifiti mwakachetechete. Amene munadutsamo, zinakutengerani nthawi yaitali bwanji, ndipo ndalamazo munazionadi?