Mwana wanga akufuna kulowa ligi ya makadi a Pokémon, ndiyambire pati?

MayiWaKuLeeds

Moni nonse abale anga. Ndithandizeni nzeru chifukwa nkhani iyi yandikulira. Mnyamata wanga wachisamba ali ndi zaka 10, ndipo chiyambireni chaka chino pakamwa pake sipachoka makadi a Pokémon. Ali ndi katoni ya nsapato yodzaza mpaka pakamwa. Ena anapatsidwa ndi anzake kusukulu, ena ndinamugulira ine pa car boot sale Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi, mtolo wonse £3, ndipo ndinkadziona ngati ndatola.

Loweruka lapitali tinadutsa pa kasitolo kena ka masewera mtauni muno. Pagalasi anamata chipepala chakuti pamakhala Pokémon League Loweruka lililonse. Mwana anandikoka dzanja mpaka tinalowa. Zimene ndinaona kuseri kwa sitoloyo zinandizunguza mutu. Matebulo aatali, ana alipo ndithu, koma palinso azibambo a ndevu zawo, ena mwina ndi anzanga amsinkhu, aliyense wayala kamphasa ka labala patsogolo pake, timadayisi tili mbwee. Ankayankhula Chingerezi koma sindinatolepo kanthu.

Ndiye choyamba, kodi zimenezi si njuga? Ine ndinakulira ku Ndirande, ndipo kwathu ukaona anthu azungulira makadi pansi pa mtengo umadziwa kuti pakati pali ndalama. Malemu bambo anga akanangomva kuti mdzukulu wawo akupita kukasewera makadi, bwenzi atandiitanitsa. Chinanso ndi ndalama. Ndimagwira ntchito ya care, mashifiti ambiri ndi a usiku, sindingakwanitse chinthu chimene chizindidya sabata ndi sabata. Komanso kodi mwana wa zaka 10 amamukhazika tebulo limodzi ndi madoda aja? Iye akuti makadi a m'katoni mwake ndi okwanira, akagwetsa aliyense ndi Pikachu wake wamkulu uja. Ndimukhulupirire?

NdevuZaKuManchester

Achemwali, ine ndine mmodzi wa madoda a ndevu mwawaonawo, ndiye musatiope. Ndinayamba mu 2022, chaka chimene mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku ExCeL ku London. Ndinangoperekeza mnzanga wakuntchito kukaonerera, pobwerera ndinali nditagula kale deki yanga, mtolo wa makadi osewerera.

Patebulo palibe njuga. Palibe amene amaika ndalama kapena khadi kuti wopambana atenge. Mukadzamva akunena za prize cards musadzidzimuke. Amenewo ndi makadi 6 ochokera mu deki yako yomwe, umawaika pambali chafufumimba masewera asanayambe, ndipo ukagwetsa Pokémon wa mnzako umatolapo limodzi, kapena oposa limodzi ngati wagwetsa wamphamvu wa mtundu wa ex. Woyamba kutola onse 6 wapambana. Mukamaliza mumagwirana chanza, aliyense amalongedza makadi ake onse.

Chimene mwaona pagalasicho, League, si mpikisano ayi. Ndi tsiku longokumana, kusewera, kusinthana makadi ndi kuphunzitsa atsopano. Kusitolo kumene ndimapita ine, ana salipira kanthu tsiku limenelo, koma sitolo iliyonse ili ndi kachitidwe kake, mukafunse. Mpikisano weniweni wa pasitolo umayambira pa League Challenge, pamwamba pake pali League Cup, kenako ma Regional ndi ma International amene amachitikira m'maholo akuluakulu. Kumeneko anthu amasaka mapointi oti akafikire mpikisano wa dziko lonse, koma zimenezo ziiwaleni kaye. Chofunika pano ndi akaunti ya Pokémon Trainer Club. Popeza ndi mwana, mutsegule yanu inuyo kholo, yake ikhale pansi pa yanu, ndipo apeze nambala yotchedwa Player ID. Ndi yaulere, ndipo ndi imene amalembetsera kulikonse.

Za msinkhu, pali magulu atatu, Junior, Senior ndi Masters, ndipo amayang'ana chaka chobadwa. Wanuyo ndi Junior. Koma ndisakunamizeni, pasitolo yaing'ono ana akakhala ochepa amaphatikiza magulu, ndiye akhoza kukumana ndi munthu ngati ine. Powerengera zotsatira ndi pamene amawasiyanitsanso, ana okhaokha.

Tsopano nkhani yowawa ndi ya katoni ija. Deki imakhala ndi makadi 60 ndendende, osati 59, osati 61, ndipo khadi la dzina limodzi silipitirira 4 kupatula ma Basic Energy, makadi opatsa Pokémon mphamvu zomenyera. Mwa makadi 60 amenewo, theka kapena kuposa amakhala ma Trainer, makadi osaoneka bwino aja amene ana amataya pansi pa bedi, monga Ultra Ball, Rare Candy ndi Boss's Orders. Amenewo ndi amene amayendetsa deki. Ana amasonkhanitsa zilombo zowala basi, ndiye akafika patebulo amapeza kuti ali ndi Pokémon 40 koma alibe chomukokera ngakhale mmodzi m'manja.

Chinanso, tengani khadi lililonse muyang'ane pansi kumanzere. Muona kachilembo kamodzi m'kabokosi. Chaka ndi chaka chilembo chakale kwambiri chimachotsedwa mu Standard, amene ndi malamulo a mipikisano yambiri. D anachoka mu 2023, E mu 2024, F mu 2025. Ngati Pikachu wamkulu akunenayo ndi Pikachu VMAX wa mu seti ya makadi ya Vivid Voltage ya 2020, ameneyo ndi wa D, anapuma kalekale. Amusunge mu alubamu. Ndipo za pa car boot zija, pepani achemwali, ndikukayika. Mukaona makadi agolide olimba ngati pulasitiki, kapena HP (nambala ya moyo wa Pokémon) ya manambala ododometsa ngati 9999, kapena zilembo zosokonekera, dziwani kuti ndi abodza. Ngakhale enieni a Chijapani saloledwa pa mpikisano kuno.

Pa ndalama langizo langa ndi limodzi: musamange deki ndi mapaketi. Gulani League Battle Deck imodzi, imabwera ndi makadi 60 okonzeka, mungofunsa a pasitolo kuti ndi iti imene zilembo zake zikadali zololedwa. Pambuyo pake muzigula khadi limodzilimodzi limene likusowa. Khadi lomwelo limatuluka ndi chithunzi wamba komanso ndi chithunzi chapamwamba chodula kwambiri, koma patebulo mphamvu zake ndi chimodzimodzi. Ndaonapo kamtsikana ka zaka 9 kakugwetsa munthu wa deki yowala ngati sitolo ya ndolo.

AnaphiriWaKwaya

Ine ndisiyane pang'ono ndi achimwene pamwambapa. Patebulo mwina njuga palibe, koma pakauntala ilipo. Paketi ija umalipira usakudziwa zimene zili m'kati, umang'amba mtima uli phaphapha, ukapeza zachabechabe umati mwina yotsatira. Imeneyo kwathu timaitchula kuti chiyani? Mwana wa mchemwali wanga anamaliza ndalama zonse za pa tsiku lake lobadwa madzulo amodzi, akusaka Charizard, ndipo sanamupeze. Analira ngati kwagwa maliro.

Za amene amati makadiwa ndi a ziwanda, zimenezo ine sindilowako, ndinaziyang'ana ndekha ndi tizilombo tojambula basi. Koma mapaketi muwaikire malire mwana asanalowe n'komwe m'sitolomo.

NdevuZaKuManchester

Anaphiri, pamenepo sinditsutsa, mwalasa. Ineyo ndalama zimene ndinataya pa mapaketi chaka changa choyamba sindinauzepo akazi anga mpaka lero. Chokhacho chothandiza m'paketi ndi kakhadi ka code kamene kamatsegula makadi mu Pokémon TCG Live, pulogalamu yaulere ya pafoni ndi pakompyuta. Mwana aphunzirire malamulo pamenepo, chifukwa siilola kuti ulakwitse. Ukafuna kuika Energy yachiwiri kapena Supporter (mtundu wina wa ma Trainer) wachiwiri pa ulendo umodzi imangokana.

BamboWaAtsikana

Mayi, ine ndikuuzeni zimene zinatichitikira pa League Challenge yathu yoyamba kuti inu zisakuchitikireni.

Wanga ndi mtsikana, nthawi imeneyo anali ndi zaka 11. Tinali titapita ku League miyezi iwiri, iye n'kunena kuti adadi ndakonzeka. Usiku wake tinakhala patebulo la kukhitchini kulemba deck list, pepala limene umalembapo makadi onse 60, dzina, kuchuluka kwake ndi seti imene achokera. Ndinawerenga katatu ngati ndikuwerenga ndalama za chipereganyu. Pamenepo tinakhoza. Chimene sindinachiganizire ndi timatumba tapulasitiki tovekera makadi, masilivu. Athu anali otsika mtengo, ena atapindika m'makona, ndipo atatu atang'ambika ndinalowetsapo ena a buluu wosiyana pang'ono. Ine ndinkaona ngati buluu ndi buluu.

Ndime yoyamba isanayambe jaji anatenga deki ija, n'kuiyala chafufumimba, n'kutulutsa makadi atatu aja mosaphonya ngakhale limodzi. Anatifotokozera mwaulemu kuti khadi likamadziwika ndi kumsana, ndiye kuti wosewera angadziwe chimene chikubwera, ndipo zimenezo zimatengedwa ngati makadi oikidwa chizindikiro. Sanatiganizire zachinyengo, koma anati tisinthe onse. Ndinathamangira pakauntala kukagula paketi yatsopano, ndipo tinakhala pansi pakona, ine kuvula, iye kuveka, manja ake akunjenjemera, anthu onse akutidikira. Thukuta limene ndinatuluka tsiku limenelo, kunja kukuzizira chonchija, sindidzaliiwala.

Mpikisano wake umayenda motere. Sachotsa munthu akagonja. Aliyense amasewera ndime zonse, kupambana ndi mapointi 3, kufanana mphamvu ndi 1, ndipo kompyuta imakuphatikiza ndi amene muli ndi mapointi ofanana. Ndiye ukagonja kawiri, ndime yachitatu umakumana ndi mnzako amene zikumuvutanso. Tsiku limenelo ndime iliyonse inali ya mphindi 30, masewera amodzi basi. Wanga anagonja atatu oyamba. Achiwiri anagonja mochititsa chisoni: anayamba ndi Pokémon mmodzi yekha, benchi ya ma Pokémon odikirira ili mbee, mnzakeyo anamugwetsa pa ulendo wachitatu ndipo masewera anathera pomwepo chifukwa analibe wina woti alowe. Mphindi 5 sizinakwane. Anapita kuchimbudzi, anabwerako maso ali psuu, n'kukhalanso pampando. Omaliza anapambana, ndipo m'basi yonse ankangokamba za amenewo.

Chovuta kwa ife makolo ndi kutseka pakamwa. Masewera akayamba suloledwa kunena kanthu, ngakhale kutsokomola mokayikitsa. Ine ndinakulira pa bawo pamsika wa ku Zomba, kumene oonerera ndi amene amasewera kuposa eni ake, aliyense akuloza dzenje lake. Kuno ndinaona mwana wanga akuiwala kuika Energy, ndinangoluma mlomo n'kutuluka panja. Mumuphunzitse chinthu chimodzi: akakayikira chilichonse, kapena mnzake akachita zosamveka, akweze dzanja aitane jaji. Ana athu tinawalera kuti wamkulu satsutsidwa, ndiye akakhala moyang'anizana ndi bambo wa ndevu amangovomera zilizonse. Wanga zinamutengera nthawi kuti azolowere kunena kuti ndingawerenge khadi lanulo?

Ngati mukufuna poyambira pofewa, dikirani Prerelease, imachitika seti yatsopano ikatsala pang'ono kutuluka. Aliyense amapatsidwa kabokosi kake pomwepo, amamanga deki ya makadi 40, ma prize amakhala 4. Palibe amene amabwera ndi deki yake yoopsa ya kunyumba.

Za kusinthana makadi muikepo diso. Lamulo la kwathu ndi lakuti sasintha kanthu ine kapena wa pasitolo asanaone.

MayiWaKuLeeds

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndabwera kudzapereka lipoti.

Lachisanu tinakhuthula katoni ija pamphasa. Achimwene a ku Manchester, munalosera: Pikachu uja ndi wa D, ndipo mtolo wanga wa £3 uja pafupifupi wonse ndi wabodza, lina linalembedwa HP 8000. Mwana anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ndiye amayi munaberedwa. Ndinavomera.

Dzulo ndinachoka ku shifiti 8 koloko m'mawa, ndinagona maola awiri, n'kupita naye. Sindinagule kanthu kaye. Mayi wina amene amayendetsa League anamubwereka deki, n'kumukhazika ndi mnyamata wamkulupo pang'ono kuti amuphunzitse. Ine ndinakhala pampando pafupi ndi chitseko, ndipo ndisaname, ndinasinza. Podzidzimuka ndinapeza akusewera ndi bambo wina wa imvi amene ankamudikira moleza mtima kuti amalize kuwerenga khadi lililonse ndi chala. Anagonja masewera onse atatu. Potuluka anamupatsa kapaketi kaulere ka League, ndipo Anaphiri, ndinaona mmene manja ake ankachitira pong'amba, ndiye tapangana kuti paketi yogula ndi imodzi pamwezi, yochokera m'ndalama zake.

League Battle Deck tigula ndikalandira kumapeto kwa mwezi. A BamboWaAtsikana, masilivu aja amakhala angati m'paketi, ndigule imodzi kapena ziwiri? Ndipo ndani angandiuze chimene ndichite ndi mlongo wake wa zaka 6, amene wangotenga makadi abodza onse aja n'kunena kuti nayenso Loweruka akupita?