Holo imodzi ya mpira wa manja, gule ndi maukwati: ndidule pati?

Wojambula mapulani, Lilongwe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Komiti ya chitukuko pa tawuni ina yaing'ono m'boma la Dedza yandipatsa ntchito yojambula malo a achinyamata. Akufuna holo imodzi yoti atsikana azisewereramo mpira wa manja, magule azivinidwamo, ndipo Loweruka azibwereketsa kwa a ukwati kuti pazipezeka ya magetsi ndi ya mlonda. Bwalo la mpira wa manja ndi mamita 30.5 m'litali, 15.25 m'lifupi. Mukaikapo mamita 3.05 othamangiramo kuzungulira konse, tafika pa 36.6 ndi 21.35. Denga likufunika likwere mamita 8.3. Ndangowerengera makoma okha, ndalama yatha ndisanaike zenera ndi limodzi lomwe. Apampando akuti akufuna "ngati holo ya masewero ya Griffin Saenda ya ku Lilongwe ija koma yocheperako". Ndidule pati?

Injiniya wa zitsulo, Blantyre:
Achimwene, dulani makomawo. Khoma la mamita 8 si khoma wamba, limafuna mapilala a konkire pafupipafupi ndi mabimu awiri kapena atatu, apo ayi mphepo idzaligwetsa. Bwalo la mpira likhale ndi denga lokha, m'mbali mopanda kanthu. Holo yotsekedwa ikhale ina, yaing'ono, denga la mamita 4 kapena 5 basi. Koma ndichenjezeretu: denga lopanda makoma ndi ambulera. Mphepo ikalowa kunsi imalinyamula. Choncho zina mwa ndalama zomwe mwapulumutsa zibwerere pansi, m'maziko a nsanamira, kuti akhale olemera. Malata amangidwe ndi masikuluwu, osati misomali, ndipo m'mphepete ndi m'makona zitsulo zogonekapo malata ziyandikane.

Wowerengera zipangizo, Mzuzu:
Ndikugwirizana nawo a injiniya. Komanso musaiwale kuti malamulo a 2018 a bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC salola njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga ngati izi. Komiti ikakuuzani kuti "njerwa tiumba tokha ngati gawo lathu", ikaneni mwaulemu. Gawo lawo likhale mchenga, miyala ndi madzi, kapena aphunzire kudinda mabuloko a dothi losakaniza ndi simenti.

Wojambula mapulani, Lilongwe:
Zamveka bwana. Koma ndikuopa kuti ndikakanena kuti holo yaikulu palibe, akaona ngati ndawachepetsa.

Mphunzitsi wa zomangamanga, Zomba:
Kawawerengereni izi. Holo yomwe akufunayo mkati mwake ndi pafupifupi makyubiki mita 6,500. Pansi simenti, makoma a pulasitala, kumwamba malata: palibe chomeza mawu. Mukagwiritsa ntchito masamu a Sabine owerengera kulira kwa mawu m'chipinda, mupeza kuti mawu azingolira masekondi oposa 5 asanazime, pomwe kuti munthu amveke polankhula pamafunika sekondi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ndinakhalapo pa ukwati wina m'holo yotere. Mkulu wa mwambo ankaitana a kuchimuna kuti adzaponye perekaniperekani, amene ankanyamuka ndi a kuchikazi, poti zomwe zinkamveka ndi phokoso ngati munthu akulankhulira mu mgolo. Kenako kunagwa mvula pamalata, basi mwambo unaima. Tsono muikemo ng'oma zinayi, mudzandiuza.

Foromani wopuma, Linthipe:
Ana anga, ine kwathu ndi komweko, ndiye mundimvere pang'ono. Nonsenu mukukamba za gule ngati ndi kwaya yoti muiimike pa siteji. Gule wamkulu savinidwa pa simenti. Amafuna bwalo la dothi, anthu atazungulira, amayi oimba ndi kuwomba m'manja ali mbali yawo, oimba ng'oma mbali yawo. Fumbi lija chilombo chimautsa ndi mapazi ndiye gule amene. Mukachiika pa simenti yosalala mwachimanga miyendo.

Chachiwiri, ng'oma amaziwamba pamoto. Mbalule ikazizira salira bwino, ndipo ku Dedza kuzizira simufunsa. Woimba amathamanga nayo kukaiwamba n'kubwerera. Moto umenewo mukauyatsa pati m'holo ya siling'i?

Chachitatu ndi chachikulu. Zilombo zimachokera ku dambwe, sizitulukira m'chipinda chosinthira zovala chokhala ndi chikwangwani pakhomo. Zisiyireni njira yochokera kutchire yofika pabwalo osadutsa pakati pa anthu kapena kuseri kwa zimbudzi. Mukatchinga ndi mpanda wa waya mbali zonse, sizidzabwera, ndipo palibe adzakuuzeni chifukwa chake. Za njirayo musafunse komiti pagulu. Pitani kwa a gulupu mwapadera, akulozerani okha. A UNESCO analemekeza gule ameneyu mu 2005, koma sanamusamutsire m'nyumba ayi.

Wojambula mapulani, Lilongwe:
Madala, apa mwanditsegula maso. Pa pulani yanga ndinalembadi "chipinda cha ovina" pafupi ndi siteji. Ndachita manyazi.

Foromani wopuma, Linthipe:
Musachifufute. A beni, a chimtali ndi a zisudzo achifuna. Pali mtengo waukulu pamalopo?

Wojambula mapulani, Lilongwe:
Pali mkuyu kumadzulo. Ndimati udulidwe kuti pakhale poimika magalimoto.

Foromani wopuma, Linthipe:
Bwalo lanu la gule ndi limenelo. Magalimoto aime kumsewu.

Injiniya wa zamadzi, Kasungu:
Ine ndinasewerako mpira wa manja kusekondale, ndiye ndiyankhulireko atsikana. Bwalo liloze kumpoto ndi kumwera, kuti dzuwa la madzulo lisamathobwe m'maso woponya. Simenti isakhale yoterera ngati ya pabalaza, masewerawa ndi oima mwadzidzidzi, mawondo amatha. Matabwa musawaganizire n'komwe: chiswe, mipando ya ukwati ndi nsapato za gogoda zidzawamaliza chaka chisanathe. Pansi papendekeke pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse, poti mvula ya mphepo izilowabe.

Koma chomwe chimathawitsa atsikana si bwalo. Ndi kusowa posinthira. Chipinda chawo chikhale ndi chitseko chokhoma mkati, madzi, ndi potaya zogwiritsa ntchito akakhala kumwezi, ndipo khomo lake lisayang'anane ndi pomwe anyamata amakhala. Madzi muli nawo kale: dengalo ndi pafupifupi masikweya mita 800, mvula ya mamilimita 20 yokha ikupatsani malita 16,000. Ikani magata ndi thanki. Mukapanda kutero madzi omwewo akumba maziko a injiniya aja.

Injiniya wa zitsulo, Blantyre:
Mayi anena zoona. Ndiwonjezere: holo yaing'onoyo muiike kum'mawa kwa bwalo, chakumwera, itchinge mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julaye. Khonde lake mulipange masitepe atatu, akhale pokhala oonerera. Ukwati ukakula, anthu asefukire pansi pa denga lalikulu, akwati ali pakhonde.

Wojambula mapulani, Lilongwe:
Ndabwerako ku Dedza dzulo. Ndinanyamula zojambula ziwiri ndi mitengo yake. Apampando anayamba akana, akuti denga lopanda makoma ndi shedi ya fodya. Amene anawatembenuza ndi amayi a m'komiti, atamva kuti ndalama ya makoma ikwanira zimbudzi, posinthira ndi thanki. A gulupu ananditengera kuseri kwa mkuyu n'kundilozera ndi ndodo mbali yoti ndisaikeko mpanda, osanena zambiri. Tagwirizana kuti tiyambe ndi denga, simenti ya bwalo ndi zimbudzi, holo yaing'ono ibwere gawo lachiwiri. A injiniya a zitsulo, ndakutumizirani muyeso wa nsanamira. Dothi lake ndi katondo, takumba mita imodzi ndi theka osapeza madzi. Mundiuze kukula kwa maziko lisanafike Lachisanu.