Ndithandizeni nzeru: mwana wasankhidwira ku CDSS, kodi ndimusiye komweko?

Akuluakulu a pa gulu lino, makamaka aphunzitsi ndi makolo a kuno ku Kasungu, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani ya mwana wa mlongo wanga, amene ine monga mtsibweni wake ndakhala ndikumusamalira chimwalirireni bambo ake. Mtsikanayu wakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo wasankhidwira ku sekondale yoyendera ya mtundu wa CDSS, imene ili pa mtunda wa makilomita 11 kuchokera kwathu, komanso panjira pali dambo limene limadzaza kuyambira mu Januwale mpaka mu Malichi. Tinkayembekeza kuti dzina lake lituluka ku Chayamba kapena ku Loyola, kumene ana amagonera komweko, koma malo ku sukulu zimenezi ndi ochepa pomwe owafuna ndi ochuluka. Za Kamuzu Academy ku Mtunthama sindikuziwerengera n'komwe, pakuti ndalama ya soya ndi mtedza siingafike kumeneko.

Sabata yatha ndinapita kukaona sukuluyo ndekha. Mphunzitsi wamkulu anandilandira mwaulemu ndipo anandionetsa pepala la pakhoma losonyeza chiwerengero cha ana amene anakhoza MSCE chaka chatha, chimene poyamba chinandisangalatsa. Nditafunsitsa ndinazindikira kuti chiwerengerocho chimangotenga ana amene anakhala pansi n'kulemba mayeso, osati onse amene anayamba Fomu 1 zaka zinayi m'mbuyomo. M'kalasi ya Fomu 1 anyamata ndi atsikana ankaoneka ofanana kuchuluka kwake, koma ku Fomu 4 atsikana ndinatha kuwawerenga ndili chiimire pakhomo. Amene anasiyira panjira chifukwa cha mtunda, mimba, banja kapena ganyu ya m'maesiteti a fodya sapezeka paliponse pa pepala lija.

China chimene chikundisowetsa tulo ndi tanthauzo la mawu oti "kukhoza". Monga ndikudziwira, bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pomwe 9 ndi kulephera. Mwana akhoza kulandira satifiketi atakhoza maphunziro asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, ali ndi credit imodzi yokha, chonsecho kuti aganiziridwe ku yunivesite ya boma pamafunika ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Choncho sukulu ingathe kuoneka yochita bwino pa pepala koma osatumiza mwana ndi mmodzi yemwe ku yunivesite.

Achibale ena akuti mwanayu abwereze Sitandade 8 kuti mwina chaka chamawa adzasankhidwire ku sukulu yogonera, ena akuti timupezere chipinda cha lendi pafupi ndi sukulu kuti azidziphikira yekha. Kodi inu mukanakhala ine mukanatani, ndipo ndi mafunso ati amene ndiyenera kukafunsanso kuti ndidziwe mphamvu yeniyeni ya sukuluyi?

Yankho loyamba:
Bambo, ine ndaphunzitsa zaka zambiri m'masukulu a CDSS ku Mchinji, ndipo mwafunsa mafunso oyenera. Kumbukirani kuti zambiri mwa sukuluzi zinali malo a MCDE (Malawi College of Distance Education, ya maphunziro a patali) zisanasinthidwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, motero zina zinayamba zopanda labotale ndi laibulale, ndipo kusiyana kwake pakati pa sukulu ina ndi inzake ndi kwakukulu kuposa mmene anthu amaganizira. Mukabwererako mukafunse ngati Physics ndi Chemistry zimaphunzitsidwa mpaka Fomu 4, ngati owaphunzitsawo ali ndi dipuloma kapena digiri ya maphunziro omwewo, komanso kumene ana amachitira mapulakitiko a Biology. Mukapemphenso kuona zotsatira za zaka zitatu zotsatizana, anyamata paokha ndi atsikana paokha, pamodzi ndi mapointi a ana asanu amene anachita bwino koposa. Zotsatira za JCE, imene inabwereranso mu 2021, zikuuzani ngati maziko a Fomu 1 ndi 2 ali olimba. Zobwereza Sitandade 8 sindingakulimbikitseni, chifukwa palibe angakutsimikizireni kuti adzasankhidwanso, ndipo mtsikana akamakulira ku pulayimale ndi pamene mayesero amachuluka.

Yankho lachiwiri:
Achimwene, ine ndiyankhapo monga mayi pa nkhani ya chipinda cha lendi yokha. Mwana wa Fomu 1 akakhala yekha pa malo a malonda, ufa ndi ndiwo zikamuthera pakati pa mwezi amayamba kudalira aliyense amene angamupatse kangachepe, ndipo zotsatira zake tonse timazidziwa. Ngati kufupi ndi sukuluko kuli wachibale kapena banja la mu mpingo mwanu limene mumalikhulupirira, mukagwade kumeneko kuti azikhala nawo miyezi ya dzinja, ndipo miyezi inayo njinga yakapalasa imukwanira, bola aziyenda pamodzi ndi anzake.

Wofunsa uja:
Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi inu mayi. Zobwereza ndazichotsa m'maganizo, ndipo Lolemba ndipitanso ndi mafunso amenewa nditawalemba pa pepala. Kufupi ndi sukuluko kuli azakhali ake a mtsikanayu, amene mlongo wanga akawaona mawa. Chimene chatsala ndi ichi: ngati ndikapeza kuti Physics ndi Chemistry kulibe, kodi pali amene anakwanitsapo kusamutsa mwana kuchoka ku CDSS ina kupita ku inzake m'boma lomweli, ndipo pempholo limayambira kwa mphunzitsi wamkulu kapena ku ofesi ya maphunziro ku boma?